Mutu sukupola mutagundidwa pa mpira: zoyenera kuchita musanabwerere m'bwalo

Funso limabwera lomwelomwelo, kaya wafunsa ndi kochi wa timu ya ku Ngabu, kholo la mwana wa sekondale ku Bangula, kapena wosewera mwini wake: "Tinagundana mitu polimbirana mpira wa m'mwamba. Papita mwezi, mutu ukupwetekabe, ndikathamanga ndimachita chizungulire, koma kuchipatala akuti palibe chathyoka. Ndiyambe liti kusewera?" Tayankha pakamwa mokwanira, ndiye tilembe kamodzi.

Vutoli madokotala amalitcha concussion. Ife pabwalo timangoti "wazunguzika" kapena "mutu wamuzungulira". Ubongo umakhala m'chibade utazunguliridwa ndi timadzi, ndipo mutu ukagundidwa, kapena thupi likagwedezeka mwamphamvu mpaka mutu kutsatira, ubongowo umagwedezeka n'kusokonekera kagwiridwe kake ka ntchito. Sikuti mpaka munthu akomoke. Amene amakomoka safika mmodzi pa khumi alionse. X-ray sionetsa kanthu, ngakhale CT scan, yojambula mkati mwa mutu, nthawi zambiri imatuluka yoyera, chifukwa chimene chasokonekera si fupa ayi. Ambiri amachira m'masabata awiri mpaka anayi. Akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana kuti zizindikiro zikapitirira masabata anayi, kwa mwana kapena wamkulu, zimenezo ndiye zokhalitsa ndipo zifunika chithandizo chakechake. Malangizo awa ndi a munthu wotereyu, ndipo salowa m'malo mwa kuonedwa ndi dokotala kapena clinical officer.

1. Yambani mwatsimikiza kuti si zoopsa

Musawerenge zotsatirazi ngati pali chimodzi mwa izi: mutu ukunka nukulirakulira tsiku ndi tsiku, kusanza mobwerezabwereza, kugwa khunyu, dzanja kapena mwendo kufooka kapena kuchita dzanzi, kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri, kulankhula mododa lilime, kugona kovuta kudzutsa, kusokonezeka mutu kapena khalidwe kusinthiratu, ndiponso khosi kupweteka kwambiri. Zikatero nyamukani lero lomwe kupita pa chipatala chachikulu cha Chikwawa kapena cha Nsanje, Montfort ku Nchalo, kapena Trinity ku Muona ngati muli tsidya lakum'mawa kwa Shire. Iwo ndiwo adzakulembereni kalata yokwera Thabwa kupita ku Queen Elizabeth mu Blantyre ngati pafunika kujambula m'mutu. Pali mtundu wina wa magazi otayikira m'chibade umene umadontha pang'onopang'ono n'kudzaonekera patapita masabata, makamaka kwa achikulire ndi okonda mowa. Choncho mawu akuti "papita kale nthawi" asakugonetseni tulo.

2. Yezetsani malungo

Kuno mutu, kufooka, nseru ndi chizungulire ndi zizindikiro za malungo tisanaganize china chilichonse. Kuyezetsa n'kwa mphindi zochepa. Pemphaninso akuyezeni kuchuluka kwa magazi ndi BP. Anthu amalakwa mbali ziwiri: ena amamwa LA wogula pagolosale katatu konse kwinaku vuto lili kugundidwa kuja, ena amanamizira mpira pamene ali ndi malungo. Mukafika kwa dokotala nenani tsiku limene munagundidwa, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala.

3. Tulukani m'chipinda cha mdima

Kale ankalangiza kuti munthu agone, asachite kanthu mpaka zonse zithe. Malangizo amenewo anasinthidwa. Kupuma kofunika ndi kwa tsiku limodzi kapena awiri oyambirira, pamodzi ndi kuchepetsa foni ndi TV pa nthawi yomweyo. Kupyola apo, kungogona kumachedwetsa kuchira: thupi limafooka, tulo ta usiku timasokonekera, maso amazolowera mdima moti kuwala kwa pakhonde kumayamba kulasa, ndipo munthu amayamba kudziona ngati wodwala kwamuyaya. Makolo ambiri amachita izi mwachikondi, kumutsekera mwana m'nyumba ya malata mu Okutobala. Mutu ungapole bwanji m'ng'anjo yoteroyo?

4. Pezani kope ndi cholembera

Muzipereka nambala ku mmene mukumvera, kuyambira 0 mpaka 10. Pa 0 palibe chilichonse, pa 10 ndiye simungathe n'kudzuka komwe. Lembani m'mawa, masana ndi madzulo, n'kuwonjezapo chimene mumachita: kuwerenga, kukwera kabaza, kutunga madzi, kukhala pamsika paphokoso. Pakangotha masiku asanu mudzayamba kuona chimene chimadzutsa mutu wanu. Nambala zimenezi ndizo muyezo wa zonse zotsatira, chifukwa lamulo lake ndi ili: ntchito ikakweza zizindikiro ndi 1 kapena 2 n'kutsika ola lisanathe, palibe cholakwika, pitirizani. Zikakwera ndi 3 kapena kuposa, kapena zikakana kutsika ola litatha, mwapyola malire. Siyani, mawa muyambire pochepa.

5. Pezani malire a mtima wanu, muzichita masewera pansi pake

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "yambani pang'onopang'ono" n'kudutsa. Pang'ono wake ndi uti? Wosewera mpira akamva "pang'ono" amazungulira bwalo kasanu, mutu n'kuphulika, kenako amagona masiku atatu n'kunena kuti masewera amuwonjezera matenda. Akadzuka amabwerezanso zomwezo. Miyezi imatha ali m'kazungulire ameneyu.

Chimene chimachitika n'choti ubongo wogwedezeka umalephera kuwongolera bwino kayendedwe ka magazi opita kumutu pamene mtima wathamanga. Pali liwiro la mtima limene mukalifika zizindikiro zimadzuka. Mukamachita masewera tsiku lililonse pansi pa liwirolo, thupi limaphunziranso, ndipo malirewo amakwera. Kumene kuli zipangizo amayeza izi pa makina othamangirapo, mwa njira imene inakonzedwa ku Buffalo, ku America. Kuno tili ndi bwalo la sukulu, wotchi ya pafoni ndi zala ziwiri, ndipo n'zokwanira bola dokotala wavomera kuti mulibe vuto la mtima kapena zoopsa za pa nambala 1.

Phunzirani kaye kuwerenga kugunda kwa mtima. Ikani chala cholozera ndi chapakati pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Musagwiritse chala chachikulu chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa ndi 4. Mukapeza 30, ndiye kuti mtima ukugunda ka 120 pa mphindi.

Tsiku loyeza, pitani pabwalo lafulati ndi mnzanu wogwira kope ndi foni. Musayese ngati m'mawa umenewo zizindikiro zili kale pa 7 kapena kuposa. Lembani nambala yoyambira, tinene 2. Yambani kuyenda wamba, ndipo mphindi ziwiri zilizonse muwonjezeko liwiro pang'ono: kuyenda mofulumira, kuyenda kwa ndawala, kenako kuthamanga kwa kayaziyazi. Pakutha pa mphindi ziwiri zilizonse imani pang'ono, werengani mtima, nenani nambala ya mutu, mnzanuyo alembe. Nambala ikangokwera ndi 3, apa kuchoka pa 2 kufika pa 5, lekani pomwepo. Kugunda kwa mtima kwa nthawi imeneyo ndiwo malire anu.

Tinene kuti malire apezeka pa 150. Inu muzichitira pa magawo 80 mwa 100 alionse a nambalayo, amene ndi 120, kapena kuti 30 pa masekondi 15. Musapyole 135. Muzichita mphindi 20 patsiku, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata, mukuyezera mtima mphindi zisanu zilizonse. Mukalephera kukwanitsa 20, yambani ndi 10 m'mawa ndi 10 madzulo. Kwa munthu amene anazolowera kusewera mphindi 90, liwiro limeneli ndi lochititsa manyazi, mwina n'kuyenda chabe uku ana a pulayimale akukuonererani. Pirirani, musawonjezere. Sabata imodzi kapena ziwiri zikadutsa popanda kupyola lamulo lija la pa nambala 4, kwezani ndi 5 kapena 10, kuchoka pa 120 kupita pa 125 kapena 130. Kapena bwerezani kuyeza kuja kuti muone pamene malire afika.

Tsopano nkhani ya kuno kwathu. Kutentha pakokha kumathamangitsa mtima ndipo kumadzutsa mutu ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, malire amene munapeza mbandakucha sangafanane ndi a 2 koloko masana. Choncho muziyeza ndi kuchita masewerawa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, makamaka pakati pa 5 ndi 6 koloko m'mawa. Imwani makapu awiri a madzi musanayambe, ndi ena mukamaliza. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri m'mawa, madzi akuchepa m'thupi ndipo nambala za tsikulo zidzakunamizani. Musachite ndi njala ya dzulo, kaphala kapena thobwa pang'ono zimathandiza. M'miyezi ya mwera, Juni ndi Julaye, madzulo nawonso ndi abwino.

Njinga imene madokotala amatchula pa gawo lino ndi yoima pamodzi ija ya m'nyumba zochitira masewera. Si yopalasa mumsewu wa M1 pakati pa mathiraki a nzimbe ndi ng'ombe. Chilichonse chimene mungagwe nacho n'kugundanso mutu chidikire kaye. Za kusambira mu Shire sitinena n'komwe, ng'ona zinaletsa kale.

Pali anthu amene amathamanga mpaka kutopa osadzutsa chizindikiro chilichonse, koma mutu umawapweteka akakhala m'kalasi kapena akatembenuka pamphasa. Kwa iwo gwero lili kwina, pa nambala yotsatirayi.

6. Funsani khosi, makutu ndi maso

Mphamvu imene inagwedeza ubongo inakokanso khosi, ndipo mutu wambiri wosapola umachokera pamenepo. Umayambira pankhongo n'kukwera mpaka pamphumi kapena kuseri kwa diso, khosi limakhala louma, ndipo umakula mukawerama nthawi yaitali pafoni kapena mukasenza katundu. Atsikana a ntchemberembaye ndi a mpira wa miyendo amene amabwerera kunyumba kukasenza ndowa ya malita 20 kuchokera pamjigo, dziwani kuti amenewo ndi makilogalamu 20 pakhosi lovulala. Achibale akuthandizeni kwa masabata angapo, kapena muzinyamula pang'ono m'manja.

Chizungulire choti nyumba yonse izungulire kwa masekondi ochepa mukatembenuka pogona kapena mukayang'ana kudenga nthawi zambiri chimachokera ku timiyala ting'onoting'ono ta mkati mwa khutu timene tachoka pamalo pake. Chimenechi chimachira msanga wa mafizo akakutembenuzani mutu mwa njira yake. Koma ngati zilembo zikuvina mukamawerenga, kapena khamu la pamsika wa Nchalo likukusokonezani maso, ndiye kuti maso ndi ubongo sizikugwirizana bwino, ndipo pali masewera ake a maso. Chizungulire, khosi kapena mutu zikapitirira masiku khumi, funsani pachipatala cha boma kuti akutumizeni ku mafizo. Musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kukupotokolani khosi kuti lilire. Mphini za m'litsipa nazo sizifika pamene pali vuto.

7. Samalani ndi Panado

Mankhwala a mutu akamwedwa pafupipafupi amayamba okha kubweretsa mutu. Munthu amadzuka mutu ukuwawa, amamwa Panado, masana umabwerera, amamwanso, ndipo pakutha pa mwezi amene akumudwalitsa ndi mapiritsiwo. Yesetsani kusapyola masiku awiri kapena atatu pa sabata. Wamkulu asapyole mapiritsi awiri a 500mg nthawi imodzi, kapena asanu ndi atatu patsiku. Chachikulu kwambiri: musamwe mankhwala a ululu musanayambe masewera a pa nambala 5, chifukwa amabisa chizindikiro chimene mukufuna kumva. Ngati mutu ndi waching'alang'ala, wogunda mbali imodzi, wobwera ndi nseru ndi kudana ndi kuwala, muuzeni dokotala momwemo, chifukwa uli ndi mankhwala ake osiyana. Mowa, kaya wa m'botolo, masese kapena kachasu, ndiponso chamba, zisiyeni mpaka mutachira.

8. Tulo ndi mtima

Muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana, ngakhale usiku wapitawo munagona mochedwa. Tulo ta masana tisapyole theka la ola. Usiku wotentha sambani musanagone, ndipo ngati mugona pakhonde musaiwale neti.

Kupsa mtima msanga, kulira popanda chifukwa, nkhawa ndi kuiwalaiwala ndi mbali ya vuto lomweli. Si misala, si ulesi, ndipo sanalodzedwe ndi timu ina. Wosewera amene wasiya mpira mwadzidzidzi amataya anzake ndi dzina lake lomwe, ndiye asamabisale kunyumba: azipita kukaonerera tereningi atakhala pamthunzi, azithandiza kochi kulemba mayina. Akayamba kulankhula zoti moyo alibe nawo ntchito, musazitenge ngati nthabwala, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

9. Sukulu ndi ntchito zibwere mpira usanabwere

Mwana asakhale kunyumba mwezi wonse. Ayambe ndi theka la tsiku, maphunziro a m'mawa kusanatenthe, azikhala kutsogolo, aziwerenga mphindi 15 kapena 20 n'kupuma zisanu. Kholo lionane ndi aphunzitsi aakulu kuti mayeso a m'kalasi amuchedwetsereko. Wa kabaza, wodula nzimbe, wokwera padenga kapena woyendetsa galimoto asabwerere ku ntchito imeneyo chizungulire chisanathe. Wakudimba ayambe ndi maola a mbandakucha. Amene sangathe kukhala m'kalasi kapena pantchito tsiku lathunthu alibe chochita m'bwalo la mpikisano.

10. Makwerero asanu ndi limodzi obwerera m'bwalo

Khwerero lililonse litenge tsiku lathunthu kapena kuposa. Kwa munthu amene wadwala mwezi kapena iwiri, ife timati masiku angapo pa lililonse.

Loyamba ndi ntchito wamba za tsiku ndi tsiku ndi kuyenda. Lachiwiri ndi lija la pa nambala 5. Pongoyerekeza kugunda kwa mtima, chotsani zaka zanu pa 220: wa zaka 20 apeza 200, ndipo ayambira pa magawo 55 mwa 100 alionse a nambalayo, cha pa 110, n'kukwera mpaka magawo 70, cha pa 140. Lachitatu ndi masewera a mpira muli nokha: kuthamanga mokhotakhota, kuyendetsa mpira pakati pa timiyala, kuponyera pagolo lopanda munthu, kutali ndi anzanu ndiponso popanda hedi.

Apa imani. Makwerero atatu oyambawa amalola kuti mutu ukwere pang'ono ndi 1 kapena 2. Atatu otsalawa salola chizindikiro chilichonse, mutakhala pansi kapena mutathamanga mwamphamvu, ndipo musanawayambe muonedwe ndi dokotala, alembe chilolezo m'buku lanu.

Lachinayi ndi tereningi ndi timu popanda kugundana: kupatsirana, kuthamanga mwamphamvu, masewera ofuna kuganiza msanga. Muvale jezi yosiyana ndi anzanu kuti aliyense adziwe kuti uyu sakhudzidwa. Lachisanu ndi tereningi yonse, kulandana mpira ndi kugundana komwe. Hedi muyambire apa, ndi mpira woponyedwa ndi manja chapafupi, kasanu kapena kakhumi, osati wochokera kwa goloboyi. Lachisanu ndi chimodzi ndi masewero enieni, ndipo ndi bwino kuyamba ndi chigawo chimodzi. Chizindikiro chikabwerera pa lachinayi, lachisanu kapena lomaliza, tsikirani pa lachitatu mpaka chitheretu.

Ku Britain, malangizo a 2023 a masewera a m'madera amati munthu asalowe mpikisano masiku 21 asanakwane chigundidwire, ndipo akhale masiku 14 opanda zizindikiro asanayambe tereningi yogundana. Amenewo ndi a munthu amene wachira msanga. Kwathu kuno, kumene bwalo ndi louma ngati konkire ndipo chipatala chokhala ndi CT scan chili kuseri kwa phiri, palibe chifukwa chofupikitsira.

11. Kwa makochi ndi akuluakulu a timu

Tikudziwa mmene zimakhalira: bonanza yafika, mphoto ndi mbuzi ndi jezi, ndipo womwetsa zigoli wanu akuti ali bwino. Adzanena choncho nthawi zonse. Funsani amene amagona naye nyumba imodzi, ndipo onani kope lija. Ubongo umene sunapole umachedwa kuona ndi kuganiza, choncho mwayi wogundidwanso, ngakhale wothyoka bondo, umakula. Kugundidwa kachiwiri koyamba kusanapole kumatalikitsa matendawa, ndipo nthawi zina, makamaka kwa achinyamata, ubongo umatupa mwadzidzidzi mpaka munthu kufa. N'zosowa, koma zimachitika. N'chifukwa chake kuyambira Julaye 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupereka mwayi wapadera wosintha wosewera amene akuganiziridwa kuti wagwedezeka ubongo, ndipo chaka chomwecho FIFA ndi WHO anayambitsa kampeni yophunzitsa za nkhaniyi. Kumuthira madzi kumutu n'kumufunsa "uli bho?" si kuyeza. Wogundidwa mutu amene akuoneka wozunguzika atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo.

Kansalu kapena chipewa cha kumutu chimateteza mabala a pakhungu, koma musachidalire kuti chiletsa ubongo kugwedezeka. Ndipo ngati wosewera wagundidwa kangapo, ulendo uliwonse akuchedwa kuchira kuposa wapitawo, kapena kagundidwe kakang'ono kakumudwalitsa masabata, mupite naye limodzi kwa dokotala ndi buku lake la kuchipatala mukakambirane ngati ayenera kupitiriza mpira wogundana. Pa zimenezi muzisunga kaundula wa timu: dzina, tsiku logundidwa, ndi tsiku limene analoledwa kubwerera.